Madzi akukana kutsika: mavuto a masabata oyamba mukachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu

Tsiku lachinayi chitulukireni m'chipatala, ndinakhala pampando ndi kakapu ka pulasitiki m'manja, kaja timamwetsera ana mankhwala, kolembedwa 30 ml m'mbali. Anamwino anali atandiuza kuti ndizimwa kakapu kamodzi pa mphindi 15 zilizonse, kuyambira podzuka mpaka pogona. Kuti malita 1.5 akwane, pamafunika timakapu 50. Atanena zimenezi ndinaseka. Ine amene ndinkagugudiza botolo lathunthu ndili chiimire, lero ndiziwerenga timakapu? Koma pofika 2 koloko masana tsiku limenelo ndinali nditamwa 11 tokha, ndipo kalikonse kankafika pachifuwa n'kuima, ngati kakudikira chilolezo. Mutu unkawawa, m'kamwa munauma gwa, ndipo fungo la msuzi lochokera kukhitchini linkandichititsa nseru.

Ndinkaganiza kuti opaleshoni yalakwika. Ayi ndithu, linali ludzu, kungoti thupi silinkandiuzanso za ludzulo mmene linkachitira kale.

Ndalembera inu amene mwangochitidwa kumene opaleshoni yochepetsa thupi, kaya ya sleeve kapena ya bypass, komanso inu amene mukusamalira munthu woteroyo pakhomo. Pepala la kadyedwe limene anakupatsani madokotala anu ndilo loyenera kutsatira, poti zipatala zimasiyana pa kawerengedwe ka masiku. Zili panozi ndi za nthawi imene pepalalo mwalitsatira koma zinthu sizikuyendabe.

Tiyambe ndi zimene zachitika m'mimbamo. Pa sleeve amachotsa pafupifupi 75 mpaka 80 peresenti ya chifu, n'kusiya kampaipi kooneka ngati nthochi yowonda. Pa bypass amadula kathumba kumtunda kwa chifu, kukula kwake ngati dzira, n'kukalumikiza ku matumbo aang'ono. Konsekonse pamakhala msoko wa tizitsulo umene sunapole, ndipo mnofu wozungulira msokowo umakhala wotupa. Ndiye kuti njira imene ndi yopapatiza kale imapapatizanso kwambiri m'masiku oyambawa. Kutupako kumaphwa pang'onopang'ono, n'chifukwa chake zimene zikukanika lero zimatheka sabata yamawa.

Izi musalimbane nazo kunyumba

Zizindikiro zoopsazi ndaziika patsogolo dala, chifukwa zimafanana ndi mavuto wamba ndipo munthu amatha kutaya tsiku lathunthu akusintha kamwedwe pamene vuto lili pena.

Phunzirani kuwerenga kugunda kwa mtima: zala ziwiri pa mtsempha wa padzanja, werengani kwa masekondi 30, chulukitsani kawiri. Mtima ukamagunda kupitirira ka 120 pa mphindi inu mutangokhala, osatsika, imbani foni kuchipatala kapena pitani nthawi yomweyo. Msoko ukamadontha, chizindikiro choyamba nthawi zambiri chimakhala chimenechi, thupi lisanatenthe n'komwe. Pamabweranso kupuma mwabefu, ululu wa m'mimba womwe ukukulirakulira, ululu wa paphewa lamanzere, ndi kumva mumtima kuti china chake sichili bwino ngakhale simungachitchule.

Za phewazi pali kusokoneza. Pochita opaleshoni ya timabowo ting'onoting'ono amapopera mpweya m'mimba kuti aone bwino, ndipo mpweya wotsalira umapweteketsa phewa masiku awiri kapena atatu oyamba. Ululu umenewo umachepa mukamayenda, ndipo tsiku lililonse umacheperachepera. Ululu umene ukubwera mwatsopano kapena ukukula, makamaka mtima ukuthamanga, si wa mpweya.

Zina zothamangira nazo: katumba wa mwendo umodzi kutupa ndi kupweteka, kubanika mwadzidzidzi kapena kubaya pachifuwa, zomwe zingasonyeze magazi oundana, kusanza magazi, chimbudzi chakuda bii chomata ngati phula, kusanza kosalekeza mimba itatupa, mpweya osatuluka, ndi kulephera kusunga madzi alionse m'mimba tsiku lonse. Ngati anakupatsani jakisoni wopewera kuundana kwa magazi, malizani masiku onse amene anakuuzani, ndipo muzidzuka kuyenda pang'ono ola lililonse masana. Mukafika kuchipatala chilichonse, mawu oyamba akhale mtundu wa opaleshoni ndi tsiku limene munachitidwa.

Madzi

Apa ndi pamene ndichedwepo, chifukwa nseru, mutu, chizungulire, kufooka ndi kudzimbidwa, zonsezi nthawi zambiri gwero lake ndi limodzi. Kusowa madzi m'thupi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene zimabwezera anthu ambiri kuchipatala m'mwezi woyamba.

Kale madzi ambiri ankalowa m'thupi mwanu kudzera m'chakudya, inu osadziwa. Tsopano chakudya ndi masupuni ochepa. Kale mukaiwala kumwa m'mawa munkabweza ngongole masana ndi makapu awiri. Tsopano ngongole imeneyo siibwezeka, chifukwa chifu chimangolandira pang'ono nthawi imodzi. Choipa kwambiri n'chakuti thupi likauma nseru imakula, nseru ikakula simufuna kumwa, mukapanda kumwa thupi limaumiratu. Anthu ambiri amadikira kuti nseru ithe kaye kenako amwe. Siitha. Imachepa mukamamwa.

Kuti mudziwe pamene muli, yang'anani mkodzo. Ukhale wotuwira ngati udzu wouma. Ukakhala wakuda ngati tiyi, wochepa, wonunkha kwambiri, kapena mukamaona mdima poimirira, mwatsalira.

Zoti muyese, chimodzi chimodzi, kuti mudziwe chimene chathandiza. Sinthani kutentha kwa madzi. Zimadabwitsa, koma madzi wamba osazizira osatentha ndi amene amalemera kwambiri pachifuwa kwa anthu ambiri. Ena amathandizidwa ndi ofunda, ena ndi ozizira kwambiri, ena amangomung'unya timaayisi. Ine anandipulumutsa ndi madzi ofunda okhala ndi kachidutswa ka jinja, ndipo kwa masabata atatu madzi ozizira sindinkawafuna n'komwe. Yesaninso kuwapatsa kakomedwe pang'ono ndi zosakaniza zopanda shuga, kapena imwani msuzi wosefa wopanda mafuta. Mkaka, msuzi ndi tiyi wopepuka zonse zimawerengedwa pa malita aja.

Kenako onani kamwedwe. Khalani tsonga, osati chotsamira. Kamwa imodzi ikhale yochepa ngati mukulawa mchere mu ndiwo, mezani, dikirani itsike, kenako ina. Mukamva kulemera, imirirani muyende pang'ono m'malo mowonjezera. Zakumwa za gasi zisiyeni, ndipo zipatala zambiri zimaletsanso kumwera pa kapaipi chifukwa mumameza mpweya umene umatenga malo a madzi. M'mawa ndi movuta kwa ambiri, poti usiku wonse m'kathumbamo mwaunjikana mamina ndi malovu. Yambani ndi chofunda ndipo musadziweruze ndi ola loyamba.

Tcherani alamu pafoni. Ludzu musalidalire, ndipo musadalirenso kukumbukira. Ine ndinkandandalika timakapu tinayi pathebulo ola likamayamba, ndipo ola likamatha tonse tizikhala topanda kanthu. Kuona ndi maso kunandithandiza kuposa kulemba manambala.

Nseru ikakana zonsezi, pemphani mankhwala ake. Alipo monga ondansetron, ndipo ena amasungunuka palilime osafuna kumeza piritsi. Dziwani chabe kuti ondansetron amadzimbitsa. Ngati munkamwa mankhwala a BP, makamaka aja okodzetsa monga furosemide kapena hydrochlorothiazide, funsani ngati muyenera kupitiriza, chifukwa munthu amene akumwa madzi ochepa n'kumamwanso okodzetsa amagwa ndi chizungulire. Kwa ine, masiku awiri otsatizana osafika lita imodzi ndi chifukwa chokwanira choimbira foni. Kukaikidwa diripi kwa maola ochepa si kulephera, ndipo kawirikawiri nseru imazimiririka diripiyo isanathe.

Chakudya chikakakamira

Ndondomeko zambiri zimayenda chonchi: zamadzimadzi sabata imodzi kapena awiri, kenako zogaya zosalala ngati chakudya cha khanda kwa masabata ena awiri, kenako zofewa zophwanyika ndi foloko, ndipo zolimba zimayamba pakati pa sabata ya 6 ndi ya 8. Kudumpha sitepe chifukwa "ndikumva bwino" ndi msampha. Mitsempha ya chifu imakhala isanayambe kumva bwino, choncho kusamva ululu sikutanthauza kuti msoko wapola.

Sabata yachisanu ndinatenthetsa nyama ya pachifuwa cha nkhuku yotsala dzulo lake, n'kumadya ndikulankhula pafoni. Nthongo zitatu zokha. Yachitatu inaima kuseri kwa fupa la pachifuwa ngati wina wakanikizapo chibakera. Malovu anayamba kudzaza m'kamwa, onanda, a thovu, ndipo ndinaima pasinki mphindi makumi awiri ndikulavula. Thovu limeneli limaopsa mukaliona koyamba. Limabwera chifukwa thupi likupanga malovu ndi mamina ambiri kuti literereretse chimene chatsekacho, koma alibe kolowera, ndiye amabwerera.

Zikatero musamwe madzi kuti mukankhire. Madziwo amangokhala pamwamba pa chotsekacho n'kuwonjezera ululu. Imirirani, yendani pang'onopang'ono, lavulani, dikirani. Chimatsika chokha kapena chimabwerera. Chikatha, m'kati mumatsala motupa, choncho bwererani ku zamadzimadzi kwa tsiku limodzi musanayesenso zofewa.

Mukafufuza chimene chachititsa, mumapeza chimodzi mwa izi: munafulumira, nthongo inakula, simunatafune mokwanira, chakudya chinali chouma, kapena munapitiriza kudya mutakhuta kale. Dyerani kasupuni ka tiyi, nthongo ikhale ngati nsawawa, tafunani ka 20 kapena 30 mpaka isalale, ikani supuni pansi. Chakudya chitenge mphindi 20 mpaka 30, ndipo nthawiyo ikakwana siyani ngakhale m'mbale mwatsala. Nyama yotenthetsanso, buledi wofewa amene amaumbika ngati phala la simenti, mpunga, ndi masamba aulusi ndizo zimakakamira kawirikawiri. Nsomba yophika, dzira lofewa ndi nyama yogaya ya msuzi wambiri zimadutsa bwino.

Kukhuta nakonso kwasintha chilankhulo. Simudzamva mimba kudzaza ngati kale. Ena amageya, ena amayetsemula, ena mphuno imayamba kuchucha, ena amangomva kulemera pang'ono pachifuwa. Chizindikiro chanu mukachidziwa, supuni yotsatira ndiyo yosanzitsa. Ndipo musamwe pakudya. Dikirani mphindi 30 mutadya, ndipo ambiri amalangizanso kusiya kumwa pang'ono nthawi yodya isanakwane.

Kusanza kwa apo ndi apo komwe mukudziwa chifukwa chake ndi nkhani ina. Koma ngati zimene zinkadutsa sabata yatha zayamba kukana, kenako zofewa zikukananso, kenako ngakhale madzi, n'kutheka kuti polumikiza paja papapatiza ndi chipsera. Zimaoneka kawirikawiri pakati pa mwezi woyamba ndi wachiwiri, makamaka pa bypass, ndipo amakuza njirayo ndi kabaluni kodutsa pakamwa popanda kung'ambanso.

Pali chifukwa chinanso chosalekerera kusanza. Thupi limasunga vitamini B1, thiamine, wokwanira masabata awiri kapena atatu okha. Munthu amene akusanza tsiku ndi tsiku, osadya, osamwa mavitamini, amatha kumumaliza, ndipo ubongo ndi mitsempha zimawonongeka: kusokonezeka mutu, kudzandira poyenda, kuona zinthu ziwiriziwiri, dzanzi m'miyendo. Matendawa amatchedwa Wernicke, ndipo akachedwa kuwapeza munthu sachira bwinobwino. Inu osamalira wodwala, ngati wasanza masiku angapo ndipo wayamba kulankhula zosagwirizana, musati ndi kutopa. Kuchipatala tchulani za thiamine, chifukwa amayenera kupatsidwa ameneyu asanaikidwe diripi ya shuga kapena pamodzi nayo.

Thukuta, mtima kuthamanga, kutsegula m'mimba mutangodya

Ichi madokotala amachitcha dumping syndrome, ndipo chimagwira kwambiri a bypass, ngakhale a sleeve ena chimawapezanso. Chifu chathunthu chili ndi kachitseko kumunsi kamene kamatulutsa chakudya pang'onopang'ono. Pa bypass chakudya sichidutsanso pa kachitsekoko. Chotsekemera chikagwera m'matumbo nthawi imodzi chimakoka madzi kuchokera m'magazi, ndipo pakatha mphindi 10 mpaka 30 mumamva kupotokola, thukuta, mtima kugunda, nseru, kenako kuthamangira kuchimbudzi. Gonani pansi, chimatha chokha pasanathe ola. Kusiyana kwake ndi kudontha kwa msoko n'kwakuti ichi chimatsatira chakudya ndipo chimatha.

Pali china chochedwa, chobwera pakatha ola limodzi mpaka atatu. Shuga amakwera mofulumira, thupi limatulutsa insulin wambiri, homoni yotsitsa shuga m'magazi, shuga n'kugwa. Mumanjenjemera, kutuluka thukuta, kumva njala yoopsa. Pamenepo kachotsekemera kochepa kamakudzutsani, koma tsatizani ndi chakudya cha mapuloteni, apo ayi zibwereranso. Zikamachitika kawirikawiri uzani dokotala.

Wolakwa nthawi zambiri si keke, poti keke aliyense amaiopa. Ndi juwisi wa zipatso amene achibale abweretsa ndi mtima wabwino, yogati wotsekemera, uchi mu tiyi, ngakhale zakumwa zina za mapuloteni zimene zili ndi shuga wambiri. Werengani zolemba pa paketi. Ngati mkaka wokha ndi umene ukukutupitsani ndi kukutsegulani m'mimba, mwina matumbo aleka kugaya shuga wa mumkaka, zomwe zimachitika kwa ena pambuyo pa opaleshoni. Yesani mkaka wopanda shuga ameneyu, wotchedwa lactose, kapena wa soya wosatsekemera.

Mapuloteni sakukwana, chimbudzi sichikubwera

Muyezo umene ambiri amapatsidwa ndi magalamu 60 mpaka 80 pa tsiku. Dzira limodzi lili ndi pafupifupi 6, kapu ya mkaka ya 250 ml pafupifupi 8. Mukawerengera mumaona kuti sabata yoyamba n'kovuta kufika, ndipo pamenepo madzi ndiwo atsogole, mapuloteni atsatire. Mapuloteni ochepa kwa masiku atatu sangakugonetseni m'chipatala, koma madzi ochepa angatero. Kusungunulira mkaka waufa wopanda mafuta mu mkaka kapena mu msuzi kumawonjezera mapuloteni popanda kuwonjezera kuchuluka kwa chomwa. Chakumwa chimene munkachikonda opaleshoni isanachitike chikayamba kukunyansani, musadabwe, lilime limasintha. Musagule katoni yathunthu ya mtundu umodzi. Mukafika pa zofewa, yambani ndi mapuloteni m'mbale, zina pambuyo.

Za chimbudzi, kusapita tsiku lililonse n'kosadabwitsa poti cholowa n'chochepa. Mankhwala a ululu monga codeine ndi tramadol, mapiritsi a ayironi ndi madzi ochepa zimaumitsa. Masiku atatu akadutsa, kapena mukamavutika kutulutsa, pemphani mankhwala ofewetsa monga lactulose kapena macrogol. Ufa wa fiber uja wofufuma m'madzi musauyambe musanafunse, makamaka madzi asanayambe kukwana.

Mapiritsi

Ibuprofen, diclofenac, naproxen ndi anzake amayambitsa zilonda polumikiza, makamaka pa bypass, ndipo amabisala m'mankhwala ena a chimfine ndi a msana. Paracetamol ndi amene amaloledwa. Ngati munkamwa aspirin wa mtima, wosankha zopitiriza kapena kusiya ndi dokotala. Omeprazole kapena mnzake amene anakupatsani imwani ngakhale musakumva chilungulira, ntchito yake ndi kuteteza msoko. Fodya amachedwetsa kupola ndipo amabweretsa zilonda zomwezo.

Piritsi lalikulu likamakana, funsani ngati lingaphwanyidwe kapena ngati pali lamadzi, koma aja osungunuka pang'onopang'ono, olembedwa SR, MR kapena XL, saphwanyidwa. A matenda a shuga, mlingo wa insulin kapena wa mapiritsi monga glibenclamide umafunika kutsitsidwa msanga, nthawi zina musanatuluke n'komwe m'chipatala. Yezani shuga pafupipafupi. Mavitamini akamakuchititsani nseru, imwani mutadya kapena pogona m'malo mowasiya, ndipo kashiamu ndi ayironi zitalikirane maola awiri poti zimalimbirana polowa m'magazi. Azimayi amalangizidwa kupewa mimba kwa miyezi 12 mpaka 18, ndipo thupi likamatsika kubereka kumabwerera mosayembekezera. Mapiritsi olera sadalirika pambuyo pa bypass, choncho kambiranani njira ina.

Sikelo yaima

Cha m'sabata yachitatu sikelo imaima kwa ambiri, masiku angapo kapena sabata ziwiri. Zimene zinatsika mofulumira poyamba zinali madzi ambiri otuluka pamodzi ndi shuga wosungidwa m'chiwindi ndi m'minofu, ndipo thupi likamabwezeretsa nkhokwe imeneyo madzi amabwerera, ngakhale mafuta akupitirira kusungunuka. Ndinalira tsiku limenelo, sindibisa, n'kuyamba kuganiza zochepetsanso masupuni anayi amene ndinkadya. Musachepetse. Kwerani sikelo kamodzi pa sabata ndipo yesani lamba wa thalauza.

Njala nayo imasokoneza. Pa sleeve mbali ya chifu imene imapanga ghrelin wambiri, homoni ya njala, imachotsedwa, komabe ena amamva kukokota m'mimba. Kawirikawiri amakhala asidi kapena ludzu. Ina ndi njala ya m'mutu, ija imabwera anzanu akamadya inu muli ndi kakapu. Kukhumudwa ndi kudandaula kuti "ndinachitiranji" m'masabata oyamba kumagwira anthu ambiri. Kukapitirira, kapena maganizo akayamba kuda kwambiri, uzani a chipatala monga mmene mungawauzire za kusanza.

Mukamaimba foni, khalani ndi manambala m'manja, chifukwa "sindikumva bwino" sapereka poyambira kwa namwino. Tsiku la opaleshoni ndi mtundu wake, mamililita amene mwamwa pa maola 24 apitawa, mwasanza kangati ndipo munatuluka chiyani, mwakodza kangati, mtima ukugunda kangati pa mphindi, thupi latentha bwanji, ndi mankhwala onse amene mukumwa. Tsiku lija la timakapu 11 ndinaimba cha m'ma 4 koloko. Namwino atamva kuti ndakodza kamodzi kokha chidzukireni ndipo mtima uli pa 104, anati ndiyese madzi ofunda kwa maola awiri, kakapu pa mphindi khumi zilizonse, ndipo ndikalephera kufika timakapu khumi ndibwere adzandiike diripi. Ndinafika 12, ndipo usiku womwewo mutu unaleka.